Ndowa, mpopi ndi paipi ya intaneti

"Netiweki ikuvuta." Mawu awiriwa amamveka paliponse, koma amakwirira zinthu zingapo zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi dzina lake.

Munthu akagula bandulo ya 1GB, wagula madzi odzaza ndowa. Nambala imeneyo sinena kanthu za changu cha madziwo potuluka pampopi. Changucho chimayezedwa ndi Mbps, ma megabit pa sekondi imodzi, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa. B wamkulu amaimira byte, b wamng'ono amaimira bit, ndipo ma bit 8 ndiwo amapanga byte imodzi. Choncho kampani ikalengeza liwiro la 40 Mbps, foni imalandira ma megabyte 5 okha pa sekondi. Filimu ya 1GB idzatenga masekondi 200 kuti itsike, ngati zonse zili bwino. Makampani akanachita bwino kumafotokozera makasitomala awo zimenezi m'chinenero chawo.

Bandwidth ndiye kukula kwa paipi, ndipo paipiyo si ya munthu mmodzi. Onse amene mafoni awo alumikizika ku nsanja imodzi amagawana. N'chifukwa chake madzulo, anthu akaweruka n'kuyamba kuonera mavidiyo, foni imaonetsa timizere tonse koma chithunzi pa WhatsApp chimangozungulira.

Mapaipi aakuluakulu ndi a fiber, kaulusi ka galasi kopyapyala ngati tsitsi momwe mumadutsa kuwala. Mu 1966, ku England, Charles Kao ndi George Hockham adaonetsa kuti galasi loyeretsedwa bwino lingathe kunyamula kuwala mtunda wautali. Kao adalandira mphotho ya Nobel mu 2009, chaka chomwe chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chidayamba kugwira ntchito ku Mombasa, Dar es Salaam ndi Maputo. Luso lina losiririka ndi lakuti kaulusi kamodzi kamanyamula kuwala kwa mitundu yambiri nthawi imodzi, mtundu uliwonse ndi katundu wake osasakanikirana. Akatswiri amalitchula WDM. Pamenepa sawerenganso ma megabit. Amakamba za terabit, yomwe ndi ma megabit 1,000,000. Chingwe cha 2Africa, chotalika pafupifupi makilomita 45,000, adachikonza kuti chizinyamula mpaka ma terabit 180 pa sekondi.

Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, kotero amadalira zingwe zodutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zidaduka kunyanja pafupi ndi South Africa, ndipo intaneti idakwawa m'maiko angapo, Malawi yemwe. Mabandulo adalipo m'mafoni. Chidachepa ndi paipi.

Palinso latency, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwerako. Paipi ingakule bwanji, mtunda sufupika. Satelaiti yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 imachedwetsa yankho ndi theka la sekondi, ndipo anthu oimbirana foni amangolankhula mopikisana, wina kudula mnzake mawu. Masatelaiti a Starlink, omwe adayamba kutumikira Malawi mu 2023, amazungulira pa makilomita mazana ochepa okha, choncho yankho silichedwa chotero.

Wogula intaneti ya pakhomo kapena ya kuofesi asamangofunsa za ma GB. Afunsenso kuti ma Mbps ndi angati, ndiponso kuti paipiyo agawana ndi anthu angati.