Mlakatuli wa ku Kadango ndi luso lophiphiritsa la kunyanja

Munthu akatchula Mangochi, ambiri amaganiza za chambo, usipa woyanika pa thandala ndi mahotela a ku Nkopola. Ndi ochepa amene amakumbukira kuti bomali ndi kwawo kwa Jack Mapanje, mlakatuli amene ntchito yake inamveka kutali mwina kuposa ya mlembi wina aliyense wa m'Malawi. Iye anabadwa mu 1944 m'mudzi wa Kadango, m'banja la Anyanja ndi Ayao.

Kunyanjako luso la mawu linayamba pepala lisanafike. Madzulo agogo ankatsegula nthano ndi "Padangokhala", ana n'kumavomera "Tilitonse", kenako zilapi n'kumatsatira mpaka tulo. Amayi posinja pamtondo ankaimba zodandaula za mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta osatchula dzina, koma mudzi wonse unkadziwa amene akunenedwa. Ku jando ndi ku nsondo malangizo ankabwera m'nyimbo zimene wongodutsa sakanazimvetsa. Mwana wokulira kumeneko ankaphunzira msanga kuti chinthu choopsa chimanenedwa mozungulira, ndipo womva ali ndi ntchito yake yomasulira.

Zolemba zinalowa m'njira ziwiri. M'madera a Mponda, Makanjira ndi Jalasi ana ankaphunzira zilembo za Chiarabu ku madrasa, pomwe amishoni a Anglican a UMCA anatsegula sukulu ku Malindi ndi ku Mpondas. Mu 1919 wansembe Yohanna Barnaba Abdallah, amene ankatumikira ku Unangu m'dziko la Mozambique, anatulutsa Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao yolembedwa m'Chiyao ndi mwini mtundu.

Ufulu utabwera, dera lino linalowa m'mavuto. Henry Masauko Chipembere wa ku Malindi atasemphana ndi Dr Kamuzu Banda mu 1964, anatsogolera anthu ake kuukira boma mu February 1965, zinthu n'kulephereka. Kuyambira pamenepo anthu a ku Fort Johnston, monga tawuni ya Mangochi inkatchedwira, ankayang'anidwa ndi diso lokayikira. Mu 1968 kunabwera lamulo lopatsa bungwe la Censorship Board mphamvu zoletsa mabuku ndi zisudzo. Mapanje analowa m'moyo wa ulembi pa nthawi imene mawu amodzi olakwika akanatha kumulowetsa munthu m'ndende popanda mlandu.

Mu 1970 iye ndi anzake ku Chancellor College anayambitsa Writers Group, gulu limene linkakumana kawirikawiri kuwerengerana ndakatulo ndi nkhani, n'kumadzudzulana poyera. M'gululi munadutsa alembi monga Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo ndi Anthony Nazombe. Zimene anachita n'zofunika kuzimvetsa bwino, chifukwa ena amaziyesa mantha. Alembiwa anatenga njira ya amayi a pamtondo ija n'kuiika pa pepala. Chimombo analemba za Napolo, Mapanje za nanzikambe, za mbandakucha ndi za dzenje la Chingwe pa phiri la Zomba. Wapolisi ankaona nyama ndi mapiri, wophunzira ankaona nduna ndi akaidi. Kuwerenga ndakatulo masiku amenewo kunali ntchito ya anthu awiri, wolemba ndi wowerenga, ndipo onse ankadziwa kuti akuika moyo pachiswe.

Buku loyamba la Mapanje, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ndi Heinemann ku London mu 1981. Pofika mu 1985 linali litachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu za m'Malawi. Pa 25 September 1987 apolisi anamugwira ku Gymkhana Club ku Zomba, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, n'kukamutsekera ku ndende ya Mikuyu. Anakhalako zaka 3 ndi miyezi 7 osaonekera m'khoti. Popeza pepala ndi cholembera zinali zoletsedwa, ndakatulo zambiri ankaziluka ndi kuzisunga m'mutu, monga momwe akuluakulu akwawo ankasungira nthano. Alembi akunja monga Wole Soyinka ndi Harold Pinter anakweza mawu, ndipo mu May 1991 anatulutsidwa.

Atasamukira ku York ku England ndi banja lake, anatulutsa The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison mu 1993, ndipo mu 2011 And Crocodiles Are Hungry at Night, buku lofotokoza za ukaidi wake. Nyanja, asodzi ndi midzi ya kwawo sizinachoke m'zolemba zake.

Chowawa n'chakuti mabuku onsewa ali m'Chingerezi, anasindikizidwa kunja, ndipo mtengo wake si wa mphunzitsi wa ku Namwera kapena wophunzira wa ku Makanjira. Zidzukulu za amayi amene anamupatsa luso lophiphiritsa sizingamuwerenge m'chinenero chawo. Osindikiza mabuku a m'dziko muno, pamodzi ndi akatswiri a zinenero ku Zomba, amasulire ndakatulo za Mapanje m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo mabuku oyamba apite ku sukulu za m'boma la Mangochi.