Mlandu wa Mapanelo a Sola ku Geneva

Mu Januwale 2010 boma la India linayambitsa ntchito yaikulu ya magetsi a dzuwa, n'kuitcha dzina la Jawaharlal Nehru. Linkafuna mamegawati 20,000 pofika 2022, ndipo linalonjeza kugula magetsiwo kwa zaka 25 pa mtengo wokoma. Koma linaikapo mfundo imodzi: wofuna mwayiwu azigwiritsa ntchito mapanelo opangidwa m'India momwemo. Ineyo sindiona cholakwa pamenepo. Ndalama ndi za Amwenye eni ake, nanga ntchito za m'mafakitale zipitirenji kwa ena?

Kungoti lamulolo linali ndi mpata. Linkakhudza mapanelo a silikoni okha, osati opyapyala aja otchedwa thin film. Amalonda sagona tulo. Anathamangira ku makampani a ku America monga First Solar, opanga mtundu umenewo, ndipo banki ya boma la America, Ex-Im, inkawakongoza ndalama pa chiwongoladzanja chochepa kuti agule katundu wa kwawoko. Choncho lamulo lobwera kudzateteza mafakitale a ku India linayamba ladyetsa alendo. Komabe mu Febuluwale 2013 America inakasuma ku bungwe la zamalonda la WTO ku Geneva, ndipo India itatseka mpata uja, America inawonjezera dandaulo lina mu 2014.

Mlandu wonse unatsamira pa pangano la GATT la 1994, lomwe limati katundu wakunja akalipira msonkho pachipata n'kulowa m'dziko, asasalidwenso. India inadziteteza kuti pangano lomwelo limalola boma kukondera anthu ake likamagula zinthu. Oweruza anafunsa kuti boma likugula chiyani. Likugula magetsi, osati mapanelo, ndiye ufulu umenewo sufika kumapanelo. Yankho limeneli ndi lomwe linagwetsa chigawo cha Ontario ku Canada mu 2013, Japan ndi European Union atachisumira pa nkhani yofanana. Chaona mnzako chapita: India inagonja mu Febuluwale 2016, apilo yake n'kukanidwa mu Seputembala.

Mwezi womwewo India inabweza chipongwe. Inasumira America, n'kutchula zigawo zisanu ndi zitatu, kuphatikizapo California, Michigan ndi Minnesota, zomwe zinkapereka mabonasi kwa ogula zipangizo zopangidwa kwawo. Mu Juni 2019 oweruza anapeza kuti India ikunena zoona. America inachita apilo, koma pofika Disembala khoti la apilolo linali litasiya kugwira ntchito chifukwa chosowa oweruza, ndipo amene ankatsekereza kusankhidwa kwa oweruza atsopano anali America yemweyo. Apa ndi pamene ine ndimaleka kukhulupirira kuti nkhaniyi inali ya chilungamo cha malonda.

Mu 2022 America inakhazikitsa lamulo la Inflation Reduction Act, lochepetsera msonkho kwambiri omanga ndi zitsulo ndi zipangizo za ku America. Mu Juni 2023, nduna yaikulu ya India Narendra Modi atapita ku Washington, mayiko awiriwa anagwirizana kuthetsa milandu isanu ndi umodzi, iwiri ya sola ija ili momwemo. India nayo inapeza njira yozembera: kuyambira Epulo 2024, ntchito za sola zothandizidwa ndi boma zimagula mapanelo okhawo olembedwa pa mndandanda wa boma, ndipo pa mndandandawo pali mafakitale a ku India okhaokha.