Mmene luso lofufuza matenda a galimoto lasinthira kuyambira 1886

Ntchito yofufuza chimene chavuta m'galimoto inabadwira limodzi ndi galimotoyo. Pamene Carl Benz wa ku Germany ankalembetsa galimoto yake ya mawilo atatu m'chaka cha 1886, kunalibe galaja, makaniko ngakhale malo omwetsera mafuta. Mu Ogasiti 1888 mkazi wake, Bertha Benz, anayenda nayo kuchokera ku Mannheim kukafika ku Pforzheim, mtunda wopitirira makilomita 100, ndipo zovuta za panjira ankathana nazo yekha. Paipi ya mafuta itatsekeka anaitokosa ndi phini wa chipewa chake, waya wa moto utanyuka anaukulunga ndi lamba womangira sokosi, ndipo mabuleki a thabwa atatha anapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa.

Injini ya petulo, yomwe kagwiridwe kake ka ntchito kanakhazikika ndi makina a Nikolaus Otto a mu 1876, imafuna zinthu zinayi kuti ilire: mafuta, mpweya, moto wofika pa nthawi yake, ndi kupanikizika kokwanira m'silinda. Injini ikakana kulira kapena ikamatsokomola, nthawi zambiri chimodzi mwa zinayizi ndicho chimakhala chaperewera. Zida zofufuzira zasintha kangapo m'zaka zonsezi, koma mafunso amene makaniko amayambira ndi omwewa.

Magalimoto oyambirira ankaliza popukusa chitsulo kutsogolo kwa injini, ndipo chitsulocho chikabwerera mwadzidzidzi chinkathyola anthu mikono. Charles Kettering wa ku America ndiye anasintha zinthu. Mu 1910 kampani ya Cadillac inayamba kugwiritsa ntchito njira yake yoperekera moto kuchokera ku batire kudzera pa koyilo, mapointi ndi distributor, ndipo mu 1912 inaika sitata yamagetsi. Njira ya mapointiyi inalamulira kwa zaka pafupifupi 60. Nthawi yomweyo Ford Model T, yomwe inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927 n'kupitirira 15 miliyoni, inafikitsa galimoto kwa anthu wamba, ndipo ambiri a iwo ankaikonza okha ndi sipanala zochepa.

M'nyengo ya kabuleta ndi mapointi, zida zazikulu za makaniko zinali maso, khutu ndi mphuno. Utsi wakuda wotuluka ku ekizozi unkasonyeza kuti mafuta akulowa ochuluka kuposa mpweya, kawirikawiri chifukwa cha kabuleta yosachunidwa bwino kapena sefa ya mpweya yodzaza fumbi. Utsi wabuluu unkaulula kuti oyilo akupsera m'silinda chifukwa maring'i a pisitoni atha. Utsi woyera wosaleka ngakhale injini itatentha unali chizindikiro chakuti madzi akulowa m'silinda, gasiketi ya hedi yapsa, ndipo umboni wina unali oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Pulagi nayo inkanena zake: nsonga yofiirira pang'ono inali ya injini yabwino, yamwaye inali ya mafuta ochuluka, yoyera mbee inali ya injini yoperewera mafuta kapena yotentha mopitirira.

Pofuna kudziwa kumene kugogoda kukuchokera, makaniko ankagunditsa nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injini n'kutsamiza khutu ku chigwiriro. Mapointi ankawapala ndi kuwasiyira mpata wa pafupifupi mamilimita 0.4. Sitata ikangolira kuti "tiki" osazunguza injini, ankayamba ndi batire ndi mitu yake yochita dzimbiri. Muyeso wake masiku ano ndi uwu: batire yodzaza imasonyeza mavoti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikulira amayenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Akalephera kukwera, vuto limakhala pa alternator, pa lamba wake kapena pa mawaya.

Kupepuka kwa makinawa ndiko kunachititsa kuti magalimoto ena akhalitse m'misewu ya mu Africa. Land Rover ya mu 1948, Peugeot 404 ya mu 1960 ndi 504 ya mu 1968 zinkatheka kukonzedwa pansi pa mtengo, kutali ndi tauni. Peugeot 504 inapitiriza kulumikizidwa ku Kenya ndi ku Kaduna m'dziko la Nigeria mpaka kupyola chaka cha 2000, ku Ulaya itasiyidwa kale. Ku Malawi fumbi la misewu yadothi linkatseka sefa ndi timabowo ta kabuleta, ndipo kuyambira 1982, fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa itatsegulidwa, petulo anayamba kusakanizidwa ndi mafuta ochokera ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi ndiponso amafooketsa mapaipi ena akale a labala, choncho thanki ndi mapaipi a galimoto yakale zimafunika kuonedwa pafupipafupi.

Chimene chinathetsa ufumu wa kabuleta ndi malamulo ochepetsa utsi woipa, makamaka a ku America. Mu 1967 kampani ya Bosch inaika pa Volkswagen 1600 njira yopopera mafuta yolamulidwa ndi magetsi yotchedwa D-Jetronic. M'zaka za m'ma 1970 mapointi anayamba kulowedwa m'malo ndi zipangizo zamagetsi zosakhudzana, mu 1975 magalimoto a ku America anayamba kukhala ndi catalytic converter yoyeretsa utsi, ndipo mu 1976 Volvo inabweretsa sensa yoyeza mpweya wa okosijeni m'ekizozi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kabuleta inali itatsala pang'ono kutheratu m'magalimoto atsopano a ku America. Catalytic converter ndi sensa ya okosijeni zimawonongeka ndi petulo wokhala ndi mtovu, yemwe mayiko a kumwera kwa Sahara anamuthetsa pofika 2006.

Kompyuta itayamba kulamulira mafuta ndi moto, panafunika njira yoti izinena yokha chavuta. Boma la California linalamula zimenezi kuyambira pa magalimoto a mu 1988, koma kampani iliyonse inali ndi njira yakeyake. Pa ma Toyota a nthawiyo, makaniko amalumikiza timabowo ta TE1 ndi E1 ndi kawaya, kenaka n'kuwerenga kuphethira kwa nyali ya injini. Mu 1996 America inakhazikitsa muyeso umodzi wotchedwa OBD-II, wokhala ndi soketi ya mapini 16 pafupi ndi chiwongolero. Ulaya inatsatira mu 2001 pa magalimoto a petulo ndi mu 2004 pa a dizilo. Manambala ake ambiri ndi ofanana paliponse: P0301 imatanthauza kuti silinda yoyamba ikuphonya moto, P0171 kuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya.

Kusinthaku kunafika ku Malawi makamaka kudzera m'magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, dziko loyendetsa kumanzere ngati Malawi. Kumeneko galimoto imayesedwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenaka pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo mtengo wa kuyezako umapangitsa eni ake ambiri kuigulitsa msanga. Galimoto zambiri zobwera ku Malawi zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Motero makaniko wa ku Ndirande kapena ku Mchesi lero amalandira Corolla, Vitz, Sienta ndi Hiace zakale koma zodzaza masensa, ndipo zina mwa izo sizigwirizana ndi makina otchipa owerengera manambala. Matenda ake ofala ndi makoyilo opsa, masensa akuda, lamba wa timing wopitirira makilomita 100,000 osasinthidwa, oyilo wolakwika m'giyabokosi ya CVT, ndi chizolowezi chochotsa thermostat poganiza kuti injini izizizira bwino, pomwe kutero kumaipangitsa kumwa mafuta ambiri ndi kutha msanga.

Nambala yochokera m'kompyuta imangoloza dera limene lavuta, sinena chimene chayambitsa vutolo. P0301 ikhoza kuchokera ku pulagi, koyilo, injekita kapena valavu yopsa, ndipo wongosintha chipangizo asanayeze amawonongetsa mwini galimoto ndalama. Makaniko woyenera kumudalira lero ndi amene amatha kuwerenga makina, n'kutsimikizira zimene wawerengazo poyeza mafuta, mpweya, moto ndi kupanikizika kwa m'silinda asanamasule bawuti iliyonse.