Paini wa Zaka 400 ndi Dothi Limene Lamusunga

Anthu akaona bonsai, kamtengo kachikale kolimidwa mumphika, maso amathamangira ku nthambi zopindika. Koma mbiri ya lusoli ikuonetsa kuti ntchito yeniyeni ili pansi, pa mizu ndi dothi. Mwambowu unayambira ku China, ndipo chithunzi cha pakhoma la manda a kalonga Zhanghuai, cha m'chaka cha 706, chikuonetsa antchito atanyamula timitengo m'mbale. Ku Japan, kumene lusoli linakhwimira, kuli umboni woposa zithunzi, umene ndi mitengo yamoyo. Paini wina amene banja la Yamaki linkasamalira anayamba kuumbidwa mu 1625, anapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, ndipo mu 1976 anaperekedwa ku America, kumene akadali wobiriwira ku Washington. Mtengo sungakhale zaka zonsezi mumphika wosatsegulidwa. Mizu imadzaza, imapotana, madzi amaleka kulowa, mtengo n'kufota. Choncho mibadwo ya alimi inkauzula pakapita zaka zingapo, chisanu chikamatha, kudulako mizu ndi kuthira dothi latsopano.

Ena amati uku n'kuzunza mtengo, kuti umakhala waung'ono chifukwa chomanidwa chakudya. Zikanakhala choncho, paini wa Yamaki akanauma kalekale. Kudula mizu yokalamba kumachititsa kuti pafupi ndi tsinde paphuke timizu tating'ono, ndipo timeneti ndi timene timamwa madzi. Alimiwo ankadziwanso malire. Paini sam'kutumula dothi lonse, chifukwa pamizu yake pamakhala ulusi woyera wa mtundu wa bowa umene umamuthandiza kupeza chakudya. Amene anagwirapo ntchito kunazale za paini ku Zomba kapena ku Chikangawa akudziwa chifukwa chake mbande zimafuna dothi lotapidwa pansi pa paini wamkulu.

Ngakhale malo okhala alimiwa anasankhidwa chifukwa cha dothi. Chivomerezi cha mu 1923 chitagwetsa Tokyo, ena mwa iwo anasamukira ku Omiya, kumene mu 1925 anakhazikitsa mudzi wa bonsai, atakopeka ndi madzi abwino, mpweya woyera ndi nthaka yoyenera. Chigwa cha Kanto, kumene kuli Omiya, chinakutidwa ndi phulusa la mapiri ophulika, ndipo m'menemo amakumbamo akadama, dothi lofiirira la timibulu. Kwa paini amalisakaniza ndi mchenga wokhakhala, monga wa ku Kiryu.

Apa ena amalakwitsa poganiza kuti popanda akadama palibe bonsai. Ajapani anangotenga dothi la kwawo chifukwa linkachita zimene mizu ya paini imafuna: kusunga chinyezi pang'ono, kutaya madzi msanga ndi kulowetsa mpweya. Wolima paini mumphika kulikonse ayese dothi lake pa zitatuzi, alisefe kuchotsa fumbi, ndipo apewe la makande, limene limaoletsa mizu.