Mtunda Sunafe: Mbiri ya Kafukufuku wa Ubwenzi pa Intaneti

Funso lakuti mabwenzi a munthu amakhala kutali motani ndi kwawo linayamba kufufuzidwa intaneti isanabwere. M'chaka cha 1967 Stanley Milgram wa ku yunivesite ya Harvard anayamba kuyesa njira yachilendo yotumizira makalata. Pa kuyesa kumene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1969, anthu 296 a ku Nebraska ndi ku Boston, m'dziko la America, anapatsidwa kalata aliyense, nauzidwa kuti ikafike kwa mwamuna wina wogwira ntchito ku Boston, koma popatsira munthu yekhayo amene akudziwana naye. Makalata 64 okha ndiwo anafika, atadutsa m'manja mwa anthu pafupifupi asanu. Otumiza ambiri ankasankha mnzawo wokhala cha kufupi ndi Boston.

Intaneti itafala, ambiri anaganiza kuti malo sadzakhalanso kanthu. Mu 1997 Frances Cairncross anatulutsa buku lotchedwa The Death of Distance, ndiko kuti imfa ya mtunda. Koma ziwerengero zinanena zina.

Mu 2005 David Liben-Nowell ndi anzake anafufuza anthu pafupifupi 500,000 a ku America olemba pa LiveJournal, amene anatchula matauni awo. Anapeza kuti mwa maubwenzi atatu alionse, pafupifupi awiri anali otsata malo, ndipo limodzi lokha ndilo linalibe ntchito ndi mtunda. Chanzeru koposa chinali muyeso umene anausankha. Iwo anaona kuti makilomita paokha amanyenga. Mlimi wa ku minda ya ku Nebraska amamudziwa munthu wokhala makilomita 5 kuchokera pakhomo pake, pakuti pakati pawo palibe anthu ambiri. Koma mu mzinda wa New York, pa mtunda womwewo pali chinamtindi cha anthu osadziwana. Motero m'malo moyesa mtunda, anawerenga anthu okhala pafupi kuposa munthu winayo. Anthuwo akachuluka kawiri, mwayi wa ubwenzi umatsika ndi theka. Anthu a m'midzi akanati izi n'zodziwika kale, komabe kuzitsimikiza ndi masamu inali ntchito ina.

Lamuloli lili ndi mbali yake yodetsa nkhawa. Mu 2010 Lars Backstrom ndi anzake a ku Facebook anasonyeza kuti poona kumene mabwenzi a munthu amakhala, angathe kulosera kumene mwiniyo akukhala, ngakhale iye asanene.

Tsono mbiri imaonekera bwino pamene lamulo la mtunda lalephera. Mu 2018 Michael Bailey ndi akatswiri anzake a zachuma anasindikiza kafukufuku wa maubwenzi a pa Facebook pakati pa maboma onse a ku America, oposa 3,000. Monga mwa chiyembekezo, maboma oyandikana anali ogwirizana kwambiri, ndipo malire a zigawo ankachepetsa ubwenzi. Koma boma la Cook, kumene kuli mzinda wa Chicago, linapezeka lomangika ndithu ndi maboma a ku Mississippi, kutali kumwera. Chifukwa chake n'chakale. Kuyambira cha m'ma 1916 kufikira 1970, anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anachoka kumwera kuthawa tsankho ndi umphawi, ndipo a ku Mississippi ambiri anakwera sitima ya Illinois Central imene inkathera ku Chicago. Makompyuta sanauzidwe za ulendowo. Anangoupeza m'maubwenzi a anthu a masiku ano.

Chimodzimodzinso boma la Kern ku California linapezeka logwirizana ndi Oklahoma, kumene chilala ndi mphepo za fumbi zinasamutsa alimi m'zaka za m'ma 1930, napita kumadzulo kukafuna ganyu m'minda ya thonje ndi zipatso.