Miyoyo Yosatha: Mbiri ya Ma Trainer ndi Mmene Anafikira ku Kalingalinga

Gemu iliyonse imasunga za wosewera m'manambala. Miyoyo yatsala 3, zipolopolo 47, ndalama 600: zonsezi zimakhala penapake mu memori ya makina pamene gemu ikuyenda. Amene wapeza pamene pakhala nambala ya miyoyo, n'kufufuta 3 kulembapo 99, safanso msanga. Trainer ndi kapulogalamu kogwira ntchito imeneyo. Kamayenda pambali pa gemu. Ukadina F1 zipolopolo sizitha, ukadina F2 mdani amangowombera koma iwe osamva kanthu. Kwa zaka zoposa 40 pakhala anthu opanga timapulogalamu totere usiku anzawo atagona, n'kumatigawa ulere. Malipiro awo n'kuona dzina lodzipatsa okha likuwala pa sikirini ya munthu amene sadzakumana naye.

Oyamba kubera anali eniake opanga magemu. Wolemba gemu amayenera kuyesa chigawo chomaliza kambirimbiri, ndipo sangamayambire poyamba nthawi zonse, choncho amadzisiyira njira yachidule. Matthew Smith, amene analemba Manic Miner ku England mu 1983, anasiyamo nambala 6031769 yodumphira zigawo. Ku Japan, Kazuhisa Hashimoto wa kampani ya Konami ankasamutsira gemu ya Gradius pa makina a Nintendo mu 1986, ndipo inamukanika iye mwini. Anaikamo mndandanda wa mabatani wopatsa zida, gemuyo n'kupita kumsika ili nawo momwemo. Mndandanda womwewo ukaudina mu Contra umalandira miyoyo 30.

Osewera nawo sanachedwe kudzipezera njira zawo. Makompyuta apanyumba amene anatuluka mu 1982, ZX Spectrum ndi Commodore 64, ukangowayatsa ankakulandira ndi chinenero cha BASIC, ndipo m'chinenerocho munali lamulo lotchedwa POKE: umatchula adiresi ya mu memori ndi nambala yoti ilowe pamenepo, basi. Magazini a ku Britain monga Crash ndi Your Sinclair ankasindikiza masamba a ma POKE otumizidwa ndi owerenga, ambiri a iwo ana asukulu. Nthawi imeneyo kampani sizinkaona nkhaniyi ngati mlandu. Jet Set Willy itatuluka mu 1984 ili ndi zolakwika zoti munthu sakanaimaliza, kampani yake ya Software Projects inafalitsa ma POKE oti ogula akonzere okha gemu yawo. Kenaka kunabwera zipangizo zolumikiza kumbuyo kwa kompyuta, monga Multiface ya Romantic Robot ndi Action Replay ya Datel, zimene zinkaimitsa gemu pakatikati kuti munthu asuzumire m'kati.

Trainer monga tikuidziwa lero inakulira m'magulu othyola chitetezo cha magemu kuti akopedwe. Razor 1911 inayamba ku Norway mu 1985, Fairlight ku Sweden mu 1987, ndipo magulu otere ankapikisana kuti ndani atulutse gemu yatsopano msanga. Kuthyola kokha sikunkakwana. Gemu isanayambe pankabwera tsamba la gululo, nyimbo ikulira, malemba akuyenda, kenaka mafunso: ukufuna miyoyo yosatha? nthawi yosatha? Dzina la gemu likatsatiridwa ndi +3, zinkatanthauza kuti muli zobera zitatu. Kukopa kunali kuba katundu wa eni, palibe chobisa. Koma luso la +3 linali lenileni, chifukwa kuti uchotse imfa m'gemu uyenera kuwerenga malamulo amene makina amawerenga, mzere ndi mzere, mpaka upeze umene umachotsa moyo.

Zonsezi zinkachitika kutali ndi Lusaka. M'zaka za m'ma 1980 mtengo wa kopa unali pansi, ndalama zakunja zinkasowa, anthu ankafola kuti agule ufa, sopo ndi mafuta ophikira. Ku Kalingalinga, komboni ya mu Lusaka, nkhani yaikulu inali ntchito yokonza komboniyo imene khonsolo ya mzinda inkagwira mothandizidwa ndi bungwe la GTZ la ku Germany: madzi, misewu, nyumba zolimba. Kompyuta yapanyumba inalibe malo pamenepo. Magemu analowa mochuluka boma la Chiluba litatsegula malonda pambuyo pa 1991, ndipo anabwera ngati timakina totsika mtengo totsanzira Nintendo, tochokera ku Asia, ndi makatiriji olonjeza magemu mazanamazana. Amene anasewerapo akudziwa bodza lake: magemu enieni anali ochepa, ena onsewo anali omwewo obwerezedwa, ina yoyambira chigawo chachisanu, ina yokhala ndi miyoyo yambiri, ina yokupatsa mfuti yamphamvu poyambirira. Mwana wa m'komboni anakumana ndi ntchito ya wopanga trainer iye asakudziwa, itaphikidwa kale m'katiriji ndi munthu wa kufakitale.

Pa nthawi yomweyo ku America nkhaniyi inafika kukhothi. Game Genie, chipangizo chimene Codemasters ya ku Britain inapanga ndipo Galoob inkagulitsa, chinkalowa pakati pa katiriji ndi makina n'kumasintha manambala akamadutsa. Nintendo inalimbana nacho, koma mu 1992 khothi la apilo linagamula mokomera Galoob, chifukwa chipangizocho sichinkapanga gemu yatsopano yokhalitsa. Ukazimitsa, zonse zimabwerera mwakale.

Pa makompyuta a Windows ntchitoyi inapeza chida chake chachikulu mu 2000, pamene Eric Heijnen, wodziwika ndi dzina loti Dark Byte, anatulutsa Cheat Engine kwaulere. Kagwiritsidwe kake nkosavuta kufotokoza. Uli ndi zipolopolo 47. Umauza Cheat Engine kuti ifufuze paliponse mu memori pamene pali 47, ndipo imakubweretsera malo masauzande. Umabwerera m'gemu, kuwombera kamodzi, n'kufufuzanso: mwa malo aja, ndi ati amene tsopano ali ndi 46? Atsala makumi angapo. Kuwomberanso, kufufuza 45. Atsala awiri kapena amodzi. Umasintha nambalayo, kuimanga kuti isasunthe, mfuti n'kukhala yosatha.

Woyamba kumene amasangalala pamenepa, koma chimwemwecho chimatha mawa lake. Akatsegulanso gemu amapeza nambala ija yasamuka, chifukwa magemu amakono sakhala pa adiresi imodzimodzi tsiku lililonse. Apa m'pamene pamasiyana wongoyesa ndi wopanga. Wopanga amalondola adiresi imene imaloza adiresi inzake mpaka afike pa yosasuntha, kapena amasiya nambalayo n'kusaka lamulo lenilenilo limene limachotsa chipolopolo, n'kuliloweza m'malo ndi lamulo losachita kanthu. Akatha amakulunga zonse m'kapulogalamu ka mabatani, kapena m'kafayilo kotchedwa cheat table, n'kugawa. Kampani ikatulutsa kope latsopano la gemuyo, ntchito yonse yagwa, ayambirenso. Amene amaima m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata n'kuona owotcherera a ku Kalingalinga akuyeza, kudula, kulumikiza geti n'kuligwedeza kuti aone ngati lagwira, angamvetse mtima wake wa ntchitoyi: chinthu chimene uli nacho m'manja uli ndi ufulu wochitsegula n'kuona mmene anachimangira.

Intaneti inafika ku Zambia msanga, mu 1994, kudzera ku Zamnet imene inabadwira pa yunivesite ya UNZA, pafupi penipeni ndi Kalingalinga. Kuyandikana sikunathandize kwenikweni. Kwa zaka zambiri intaneti inali ya maofesi ndi ma cafe olipira pa mphindi. Chimene chinafika m'komboni ndi shopu ya magemu: kachipinda kamodzi, mabenchi, ma TV awiri kapena atatu, PlayStation 2, ndi mwini wake atagwira wotchi. Grand Theft Auto: San Andreas itatuluka mu 2004, makodi ake anasanduka chuma. Wina ankawasindikiza ku cafe, ena n'kumakopera kumbuyo kwa kope la masamu. Pa kiyibodi umalemba HESOYAM kuti ulandire moyo, chovala choteteza ndi madola 250,000. Pa padi ya PlayStation 2 umadina R1, R2, L1, X, kenaka kumanzere, pansi, kumanja, mmwamba, kawiri. Ana ena ankadina mndandandawu osayang'ana n'komwe zala zawo.

Anthu akunja amakonda kunena kuti wobera ndi waulesi amene safuna kuphunzira gemu. M'shopu ya m'komboni mawu amenewa sagwira. Mwana wa kunja ali ndi makina m'chipinda chake, akhoza kufa kakhumi n'kuyambiranso mawa. Wa ku Kalingalinga wagula mphindi zowerengeka ndi ndalama yotsala pogula makala, ndipo kumbuyo kwake kuli mzere. Sangawononge mphindizo akuyenda wapansi kufunafuna mfuti. Amadina kodi, ndege igwe kumwamba, aone mzinda wonse nthawi isanathe.

"Iwe, nthawi yatha, pereka padi kwa mnzako."

"Ba mudala, ndingotsitsako ndegeyi."

Koma pa gemu ya mpira panalibe zimenezo. Awiri akakhala pa Pro Evolution Soccer kapena FIFA, wogonja ndiye amadzuka, pena ndiye amalipira, ndipo wopezeka atakweza mobisa mphamvu za osewera a timu yake ankayambitsa mkangano woti anthu a panja abwere kudzaona. Lamuloli palibe amene analilemba: bera makina mmene ungafunire, mnzako ayi. Ndi lamulo lomwelo limene opanga ma trainer ambiri otchuka amatsata, pokana kupangira magemu opikisana ndi anthu ena pa intaneti.

Malaputopu akale atayamba kupezeka kwa ophunzira ndi okonza mafoni, ma trainer enieni anayamba kuyenda pa fulashi limodzi ndi magemu, mafilimu ndi nyimbo. Apa panabwera vuto limene silinathe mpaka lero. Trainer imalowa mu memori ya pulogalamu ina n'kusintha zinthu, ndipo vairasi imachitanso chimodzimodzi, choncho pulogalamu yoteteza kompyuta imakuwa ikaona zonse ziwiri. Anthu anazolowera kuizimitsa. Akuba nawo anazindikira kuti fayilo yolembedwa kuti trainer ndi imene munthu amaitsegulira yekha chitseko, ndipo ambiri amene ankafuna ndalama zosatha m'gemu anathera kwa wokonza makompyuta.

Kenaka foni ya Android inalanda zonse. Dream League Soccer yosinthidwa kale, ya makobidi osatha, imadumpha kuchoka pa foni kupita pa ina kudzera pa SHAREit kapena Xender, popanda kudya bandulo. Alipo amene amafika pa GameGuardian, imene imafufuza manambala pa foni monga mmene Cheat Engine imachitira pa kompyuta, koma ambiri amalandira chopangidwa kale. Ndiye mbali ya Kalingalinga m'mbiri imeneyi yakhala kugawa kuposa kupanga, ndipo chifukwa chake si kusowa nzeru. Kupanga kumafuna kompyuta yakoyako, maola ambiri osasokonezedwa, ndi magetsi. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa magetsi maola 17 patsiku, ndipo pena ankapitirira pamenepo. Kulondola ma adiresi usiku wonse pa batire imene ikutha sikutheka.

Kunja nako zinthu zasintha kwambiri. Magemu atasamukira pa intaneti, nambala ya ndalama ndi miyoyo inachoka m'makina a wosewera n'kupita pa seva ya kampani, kumene Cheat Engine siifika. Opanga zobera ena anayamba kupanga zothandiza kuona adani kuseri kwa khoma ndi kuloza mfuti yokha, n'kumazigulitsa mwezi ndi mwezi. Imeneyo si ntchito yamasewera ayi, ndi malonda owononga chisangalalo cha ena. Kampani ya Valve inayambitsa chitetezo chake cha VAC mu 2002. Mu 2017 khothi la ku California linalamula kampani yopanga zobera ya Bossland ya ku Germany kulipira Blizzard madola pafupifupi 8.6 miliyoni. Mu 2021 apolisi a ku Kunshan ku China, mogwirizana ndi Tencent, anagwira gulu limene linapeza madola pafupifupi 76 miliyoni pogulitsa zobera.

Chimene sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti makampani nawo analowa malonda omwewo. Makobidi amene kale unkawapeza ndi kodi, lero amakugulitsa m'gemu momwemo, ndipo magemu ena a pa foni amachedwetsedwa dala kuti wotopa ndi kudikira alipire. Ine ndimaona kuti mkwiyo wina wa makampani pa ma trainer umachokera pamenepa.

Opanga akale sanathe. FLiNG amatulutsabe ma trainer aulere a magemu osewera wekha, ma cheat table akugawidwabe, ndipo WeMod inasonkhanitsa ntchito zotere m'pulogalamu imodzi imene ili ndi mbali yaulere ndi yolipira. Mu Okutobala 2024, khothi lalikulu la European Union ku Luxembourg linagamula mlandu wa Sony ndi Datel, yomwe ija ya Action Replay, wokhudza makina a PSP: linati lamulo loteteza mapulogalamu silifika pa manambala amene gemu imaika mu memori kwakanthawi ikamayenda. Ku Kalingalinga, kumene bandulo imawerengedwa mosamala ndipo anthu amakondabe magemu osafuna netiweki, manambala amenewo akadali m'foni ndi mu laputopu ya wosewera, ndipo njira ija yofufuza 47, kenaka 46, kenaka 45 ikugwirabe ntchito monga kale.