Kuchoka pa gowelo kufika pa lendi: kodi wa zaka 16 angakhale payekha?

Pali funso limene silisowa tikakhala pansi: kodi munthu wa zaka 16 kapena 17, amene akupeza kangachepe ku doko kapena akuphunzira kutali ndi kwawo, angachite lendi nyumba n'kumakhala yekha? Ena mumati bola ndalama, landilodi safunsa zaka. Ena mumati umenewo ndi mlandu. Tiyeni tibwerere m'mbuyo kaye, chifukwa yankho lake lakhala likusintha.

Kafunseni agogo anu. Akuuzani kuti kale mnyamata akatuluka ku jando sankagonanso m'nyumba ya makolo. Ankapita ku gowelo, kumene ankagona ndi anzake a msinkhu umodzi. Atsikana nawo ankagona kwa agogo aakazi. Ndiye kugona kwina si chinthu cha lero ayi. Koma taonani kusiyana kwake: gowelo linali pamudzi pomwepo, nsima inkachokera kwa amayi, ndipo amalume ankadziwa amene wagona ndi amene sanabwere. Palibe amene ankalipira pogona. Nyumba yakeyake mnyamata ankamanga akakwatira, ambiri kuchikamwini. Ukulu unkadziwika ndi chinamwali ndi banja, osati zaka, poti ambiri chaka chobadwa sankachidziwa n'komwe.

Zowerenga zaka zinabwera ndi atsamunda. M'chaka cha 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa Fort Johnston, dzina limene boma lathu la Mangochi linkadziwika nalo. Kuyambira 1902 makhoti a dziko lino anayamba kugwiritsa ntchito malamulo a ku England. M'malamulo amenewo, munthu wosakwana zaka 21 ankatengedwa kuti ndi mwana pa nkhani ya mapangano. Mfundo yake inali yakuti mwana akalandira zinthu zofunikira pa moyo, monga chakudya, zovala ndi pogona, ayenera kulipira mtengo woyenera, koma pangano lokhalitsa ngati la lendi ali ndi ufulu wolikana. Cholinga chinali kuteteza mwana kuti akuluakulu asamudyere masuku pamutu. Malamulo athu a mapangano anamera pa maziko amenewa.

Kenako panabwera zaka za chisokonezo. Mu 1991 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene limati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Koma malamulo aakulu a dziko a 1994 ankati mwana ndi wosakwana zaka 16, ndipo ankalola wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomera. Ndiye wa zaka 17 anali ndani? Kuvota ayi, poti ndi wamng'ono. Chitetezo cha ana ayi, poti wakula. Anali pakatikati basi.

Nthawi yomweyo moyo unkakankhira ana kunja kwa mudzi. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a ku pulayimale, ana anachuluka, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera sekondale zoyendera zimene timazitcha ma CDSS. Sukulu zambiri zinalibe malo ogona, choncho wochokera kutali ankachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu. Self-boarding imene mukuidziwayi inafala choncho. Edzi nayo inatenga makolo ambiri m'zaka zimenezo, ana n'kutsala akulera ana anzawo. Kunyanja kuno anyamata ankatsata usipa ndi utaka kuchoka doko lina kupita lina, kumagona kulikonse kumene apeza.

Malamulo anabwera pambuyo, pang'onopang'ono. Lamulo la za ntchito la 2000 linaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo, thanzi kapena maphunziro ake pachiswe. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linanenetsa kuti kudyetsa, kuveka ndi kupezera mwana pogona ndi udindo wa makolo kapena womulera, ndipo linapereka mphamvu kwa apolisi ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuti atengere mwana wosowa chisamaliro kumalo otetezeka. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Pomaliza, mu February 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo anasintha malamulo aakulu a dziko, ndipo kuyambira pamenepo mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Wina anena kuti, "Nanga bwanji ine chiphaso cha unzika ndili nacho?" Zoona, chiphasocho chimaperekedwa kuyambira zaka 16. Koma chimangosonyeza kuti ndinu ndani, sichikusandutsani wamkulu.

Ndiye yankho ndi lotani? Ngati simunakwane zaka 18, pamaso pa lamulo ndinu mwana, ngakhale ndevu zitamera, ngakhale mutamabweretsa ndalama kuposa bambo anu. Udindo wokupezerani pogona sunachoke m'manja mwa makolo kapena wokulerani. Pangano limene mungapange nokha ndi landilodi ndi lofooka, ndipo poti ambiri timangogwirizana pakamwa, zinthu zikavuta amene amalira ndi wamng'onoyo. Taganizirani mwera ukaomba sabata yathunthu maboti osalowa m'madzi, kapena nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka. Ndalama ya lendi ichokera kuti? Mupeza loko pa chitseko, mphasa ndi mapoto zili m'kati. Kwa mtsikana wa self-boarding ndiye zimaposa pamenepo: ufa ukatha mwezi usanathe, amene amabwera ndi "thandizo" mukumudziwa, ndipo mapeto ake tawaonapo tonse.

Tikudziwa kuti ena simuchoka pakhomo chifukwa cha matama. Sukulu ili kutali, kapena kunyumba kuli nkhanza, kapena makolo anatisiya. Ngati n'choncho, tengani nzeru ya pa gowelo ija: gonani kwina, koma musakhale opanda mwini. Pangano la nyumba apange ndi wamkulu, kaya ndi mayi, amalume kapena achemwali, lilembedwe papepala, mtengo ndi tsiku lolipira zioneke, mboni isayine. Amfumu a pamalopo adziwe kuti muli pamenepo, aphunzitsi anunso adziwe. Khalani awiri kapena atatu, osati nokha. Ngati mukuthawa nkhanza, musathamangire kwa landilodi. Pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma, ku polisi kumene amathandiza ochitiridwa nkhanza, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Ndipo inu amene mwadutsa kale zaka 18, mukaona mng'ono wathu akukhala yekha m'kachipinda kuseri kwa msika, musangodutsa. Mufunseni ngati wadya, ndiponso ngati kwawo akudziwa kumene ali.